Akaunti yanga yatsekedwa chifukwa cha chigamulo cha khoti chimene sindinachidziwe

Amake Taonga (Kabwata)

Abale a pa gulu lino, ndakubweretserani nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira Lachiwiri, ndipo ndikupempha aliyense wodziwa za makhoti kapena za mabanki kuti andiunikire. Tsikulo ndinapita kukatapa K3,000 yoti ndikapikule zitenje ku Kamwala, koma makina anabweza khadi yanga kawiri. Nditalowa mkati anandiuza kuti sindingatulutse ngakhale ngwee imodzi, chifukwa banki inalandira lamulo lochokera ku khoti. Mlandu wake ndi wa ngongole imene mlongo wanga anatenga mu 2022 ku kampani ina yobwereketsa ndalama, ine n'kusaina ngati womuimira. Anatenga K18,000, anabwezako kangapo, kenako ntchito inamuthera n'kubwerera kumudzi ku Katete. Lero akuti ngongoleyo yafika pa K46,000.

Chimene chikundiwawa kwambiri si ndalama zanga ayi. Mu akauntiyo muli K31,400, ndipo K22,000 mwa izi ndi za gulu lathu la village banking la amayi 14, limene ine ndine msungichuma wake. Tinapangana zogawana kumapeto kwa mwezi wamawa, ndipo ena akudalira ndalamazo kuti alipire lendi ndi kugula feteleza wotumiza kumudzi. Ine sindinalandirepo samani, ndipo sindinapondepo ku khoti pa nkhani imeneyi. Kodi munthu angaweruzidwe iye osadziwa? Nanga anzangawo ndikawauza chiyani?

Amake Misozi (Libala)

Pepani kwambiri Amake Taonga. Ine ndinagwira ntchito ku banki zaka zambiri, ndipo anthu olira pa kauntala chifukwa cha nkhani yotereyi ndawaona. Choyamba, bwererani ku nthambi yanu mawa m'mawa, mupemphe kuonana ndi manijala, ndipo muwapemphe kope ya chikalata chimene analandira. Musakhutire ndi mawu apakamwa akuti "ndi za ku khoti", chifukwa akaunti imatsekedwa pa zifukwa zosiyanasiyana. A ZRA ali ndi mphamvu youza banki kuti ipereke ndalama za munthu amene sanalipire msonkho popanda kudzera ku khoti, a DEC (ofufuza za mankhwala osokoneza bongo ndi ndalama zopezeka mwachinyengo) ndi a ACC (olimbana ndi ziphuphu) nawonso amatseketsa akaunti akamafufuza mlandu, ndipo njira yothetsera iliyonse mwa izi ndi yakeyake. Pa chikalatacho muyang'ane dzina la khoti, nambala ya mlandu, dzina la loya wa okusumiraniwo, kuchuluka kwa ndalama, komanso tsiku limene alemba kuti mlandu udzamvedwe.

Musataye mphamvu zanu kukangana ndi antchito a banki. Lamulo la khoti likangofika, banki ikakupatsani ndalamazo ikhoza kukakamizidwa kulipira ngongoleyo kuchokera m'thumba mwake, choncho palibe manijala amene angakumvereni chisoni mpaka kutsegula.

Amake Taonga (Kabwata)

Zikomo Amake Misozi, ndapitadi lero ndipo andipatsa kope. Pamwamba palembedwa kuti garnishee order nisi, yachokera ku khoti la majisitireti kuno ku Lusaka, ndipo tsiku lomvera mlandu ndi Lachinayi la sabata yamawa. Chimene chandidabwitsa n'chakuti keyala yanga alemba ya ku Chawama, kumene ndinasamukako zaka ziwiri zapitazo.

Agogo a Kondwani (Chelstone)

Mwana wanga, mawu akuti nisi amene mwawerengawo ndiwo akupatseni mtima, ndipo ndiloleni ndifotokoze mofatsa, popeza ndinakalambira pa mafayilo a ku khoti ngati kalaliki. Mawuwo ndi a Chilatini, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti "pokhapokha". Khoti likunena kuti ndalamazi zidzaperekedwa kwa mwini ngongole, ndiye kuti wobwereketsa uja, pokhapokha wina atabwera kudzaonetsa chifukwa chomveka choletsera zimenezo. Ndiye kuti ndalama zanu sizinachoke, zikadali ku banki, zangomangidwa. Lamulo loyambali mwini ngongole amalipempha yekha, wangongole kulibe, ndipo amachita dala motero, chifukwa munthu atachenjezedwa angathamange kukakokolola zonse. Lamulo lachiwiri, lotchedwa garnishee order absolute, ndilo limauza banki kuti ilipire, ndipo limaperekedwa pa tsiku lija mwaliona pa chikalatacho. Mukapanda kuoneka Lachinayi limenelo, woweruza sadzakhala ndi china choti amve koma mawu a okusumiraniwo, ndipo ndalama zikangotuluka, kuzibweza kumakhala ntchito yowawa kwambiri.

Njira imeneyi tinaitengera ku England. Mpaka lero, pamene malamulo athu a High Court sakunenapo kanthu, maloya amatsegula buku lija amalitcha White Book, la chaka cha 1999, ndipo nkhani ya garnishee ili pa Order 49.

Tsopano chitani izi mawa lomwe. Pitani ku registry, ofesi yosunga mafayilo, ya khoti limene latchulidwalo, mutenge NRC yanu ndi nambala ya mlandu, mupemphe kuona fayilo. Inu ndinu woimbidwa mlandu, choncho muli ndi ufulu woiona, ndipo mukhoza kulipira kandalama kochepa kuti akupangireni makope, koma mulandire lisiti. M'fayilomo mufunefune chikalata cholumbira chimene munthu wopereka samani analemba, chonena tsiku, malo ndi munthu amene anamupatsa. Ngati analemba kuti anakupatsani pamanja ku Chawama pa nthawi imene inu munali mutasamuka kale, pamenepo ndi pamene pali pogwira. Chigamulo choperekedwa chifukwa munthu sanayankhe samani chikhoza kufafanizidwa ndi khoti lomwelo, makamaka ngati samaniyo sinamufike monga lamulo likunenera. Koma woweruza adzafunanso kumva kuti mukanabwera mukananena chiyani, choncho musapite ndi dandaulo lokhalo lakuti simunauzidwe. Mupite ndi yankho pa ngongole yeniyeniyo.

Mwana wa ku Petauke (Kalingalinga)

Amai, ine maganizo anga ndi akuti muuze makasitomala anu onse kuti asiye kutumiza ndalama ku akaunti imeneyo, azikutumizirani pa Airtel Money kapena pa MTN, ndipo katundu wa mtengo wapatali amene ali m'nyumba mukasungitse kwa abale. Anthu a kaloba alibe chisoni, ndipo akaona kuti ndalama za ku banki sizinakwane adzabwera ndi ma bailiff, aja amalanda katundu molamulidwa ndi khoti. Munthu amene sanadye ndalamazo asavutike chifukwa cha siginecha chabe.

Atate ake Dalitso (Matero)

Ndikupempha kuti nanenso mundimve, ngakhale mawu anga sakoma m'makutu. Ine ndili ndi hadiweya, ndipo ndinakhalapo mbali inayo. Munthu anatenga malata ndi simenti pa ngongole, anandizungulitsa chaka chathunthu, foni osayankha, mpaka ndinapita ku Small Claims Court, kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya. Ndinapambana, koma pepala la chigamulo silidyedwa, ndipo ndinavutikanso miyezi yambiri kuti ndione ndalama zanga. Choncho amene amapempha garnishee si onse amene ali ankhanza, ena ndi anthu otopa.

Kwa inu achimwene a ku Kalingalinga, siginecha si "chabe" ayi. Munthu akasaina ngati woimira ngongole, walonjeza kuti mwiniwake akalephera adzalipira ndi iye, ndipo kawirikawiri mapepalawo amalola wobwereketsa kulondola woimirayo mwachindunji popanda kuyamba wapita ku Katete. Kubisa katundu kumangochedwetsa zinthu, chifukwa mlandu suola, ndipo chiwongoladzanja cha pa chigamulo chimapitirira kukwera tsiku ndi tsiku, kuwonjezapo ndalama zolipira ma bailiff zimene zimagwera wangongole yemweyo. Komanso woweruza akadzazindikira kuti munthu anazembetsa katundu, sadzamukhulupiriranso pamene akupempha kuti azilipira pang'onopang'ono.

Amake Misozi (Libala)

Pa mfundo ya makasitomala ndikugwirizana ndi achimwene a ku Kalingalinga, koma pa chifukwa china. Malinga ndi lamulo, garnishee imagwira ndalama zimene zinali mu akaunti pa nthawi imene banki inalandira chikalatacho, osati zimene zalowa pambuyo pake. Koma zimene zimachitika m'makompyuta a banki n'zakuti akaunti yonse amaiikira chizindikiro choletsa kutulutsa, ndiye chilichonse cholowa chimakodwa momwemo mpaka wina atachitapo kanthu. Ngati mwalowa kale ndalama zina kuyambira tsiku limenelo, lembani kalata kwa manijala yopempha kuti azimasule, ndipo musunge kope yodindidwa. Akapanda kuyankha, dandaulo lotere mukhoza kulipititsa ku Bank of Zambia pa Cairo Road, popeza ndiwo amayang'anira mabanki. Koma musayembekezere kuti iwo angafafanize lamulo la khoti, mphamvu imeneyo alibe. Kulandira ndalama za malonda anu pa foni kuti ana adye si kulakwa. Kuzembetsa katundu ndi nkhani ina, ndipo pamenepo ndili kumbali ya Atate ake Dalitso.

Amake Taonga (Kabwata)

Ndamva zonse, ndipo sindikukana kuti ndinasaina. Ndinasaina ndi maso anga ali otsegula, chifukwa anali mlongo wanga wobadwa naye bere limodzi, ndipo gawo limene ndi loona ndidzalipira. Ndabwera kumene kuchokera ku registry. Wopereka samani analumbira kuti anasiya mapepala kwa "mkazi wamkulu wopezeka pa nyumbapo" ku Chawama, pa mwezi umene ine ndinali nditakhala kale ku Kabwata miyezi isanu ndi iwiri, ndipo pangano langa la lendi likuonetsa zimenezo. Ndaonanso mmene anawerengera ngongoleyo. Ankaika 15 peresenti mwezi uliwonse, ndipo mwezi umene mlongo wanga walephera, chiwongoladzanjacho ankachiphatikiza ku ngongole n'kuyambanso kuwerengera pamwamba pake. Zimene anabweza zokwana K7,500 sindikuziona paliponse m'mawerengedwewo, chonsecho mauthenga a pa foni otsimikiza kuti analipira alipo. Koma funso langa lalikulu likadali pa ndalama za amayi aja.

Agogo a Kondwani (Chelstone)

Mwachita bwino kwambiri, ndipo zimene mwapezazo ndi zolemera kuposa mmene mukuganizira. Ndiyambe ndi ndalama za amayi. Mwini ngongole ali ndi ufulu pa ndalama za wangongole, osati pa ndalama za anthu ena zimene wangongoleyo akungosunga. Malamulo a garnishee amalola munthu wachitatu amene akunena kuti ndalamazo ndi zake kuonekera pamaso pa khoti n'kufotokoza. Vuto lanu ndi lakuti akauntiyo ili m'dzina lanu lokha ndipo munasakaniza ndalama za gulu ndi za zitenje, choncho banki ikuona mwini mmodzi, ndipo udindo wotsimikizira khoti kuti zinthu sizili choncho uli pa inu. Mawu okha sadzakwana, chifukwa aliyense amene akaunti yake yagwidwa amanena kuti ndalamazo ndi za wina.

Sonkhanitsani buku la gulu limene mumalembamo zosonkha, malamulo a gulu ngati munawalemba, ndi sitetimenti ya banki ya miyezi yonse ya chaka chino. Kenako mukhale pansi ndi mlembi wanu, mufananize tsiku ndi tsiku, kuti ndalama imene yalembedwa m'buku pa tsiku la msonkhano ioneke ikulowa ku banki tsiku lomwelo kapena lotsatira. Wapampando ndi mlembi alembe zikalata zolumbira pamaso pa Commissioner for Oaths, munthu wololedwa ndi lamulo kulumbiritsa anthu, ndipo Lachinayi abwere okha ku khoti. N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti muwauze amayiwo lero lomwe. Ndikudziwa kuti mukuopa manyazi ndi kunenedwa kuti mwadya ndalama, koma iwowo ndiwo mboni zanu, ndipo akadzamva kwa anthu ena adzakhala adani anu pa nthawi imene mukuwafuna kwambiri.

Tsopano za chiwongoladzanja. Fufuzani ngati kampaniyo ili ndi laisensi ya Bank of Zambia, kapena ndi ya aja amatenga chilolezo cha obwereketsa ndalama kudzera kwa majisitireti. Ngati ndi achiwiriwa, amalamulidwa ndi Money-lenders Act, Chapter 398. Lamulo limenelo limati chiwongoladzanja chikapitirira 48 peresenti pa chaka, khoti lizichiona ngati chopyola muyeso ndi chopondereza, pokhapokha wobwereketsayo atatsimikiza kuti sichili choncho, ndipo khoti likhoza kuwerengeranso ngongole yonse. Lamulo lomwelo limaletsa kuwerengera chiwongoladzanja pamwamba pa chiwongoladzanja. Tsono 15 peresenti pa mwezi ndi 180 peresenti pa chaka, musanaphatikizepo kalikonse. Limeneli ndilo yankho lija ndimanena kuti woweruza adzafuna kulimva.

Pomaliza, kupempha kuti chigamulo chifafanizidwe sikuimitsa kulanda pakokha, ngakhalenso apilo siimitsa. Pamafunika pempho lapadera lotchedwa stay of execution, ndipo liperekedwe pamodzi ndi linalo Lachinayi lisanafike. Apa mpofunika loya, chifukwa masiku atsala ochepa ndipo mapepala olembedwa molakwika amabwezedwa.

Amake Tisa (Chawama)

Za loya zisakuopseni Amake Taonga. Ine ma bailiff anafika pakhomo panga m'mawa ana asanapite ku sukulu, ali ndi chikalata cha khoti chololeza kulanda katundu chija amati fifa, n'kunyamula firiji ndi mashini anga osokera, chifukwa cha ngongole ya malemu amuna anga. Ndinalibe ndalama ya loya, koma mnzanga wa ku tchalitchi ananditengera ku National Legal Aid Clinic for Women, imene inakhazikitsidwa ndi Law Association of Zambia kuti izithandiza amayi ndi ana osowa. Palinso Legal Aid Board ya boma, imene imathandiza amuna ndi akazi omwe, ndipo si ya milandu ya upandu yokha monga ambiri amaganizira. Konseko amafunsa za kapezedwe kanu, ndipo anthu amakhala ambiri, choncho mulawire m'mamawa, mapepala onse ali m'manja, ndipo mawu oyamba kuwauza akhale tsiku la mlandu, kuti adziwe kuti nkhaniyo ndi yachangu.

Chinthu chimodzi chimene ndinaphunzira mochedwa n'chakuti musapereke ndalama kwa munthu aliyense amene akukuimitsani pa khonde la khoti n'kumati adzakukonzerani fayilo. Ine ndinataya K800 mwa njira imeneyo, ndipo munthuyo sindinamuonenso.

Atate ake Dalitso (Matero)

Nditamva za 15 peresenti pa mwezi ndi ndalama zobwezedwa zimene sizinalembedwe, ndikuvomereza kuti nkhani iyi ikusiyana ndi yanga ija. Komabe ndikulangizani kuti loya wanu akalankhule ndi loya wa mbali inayo tsiku lisanafike. Mwini ngongole aliyense amafuna ndalama, safuna kuyenda ku khoti chaka chonse, ndipo akaona kuti mawerengedwe ake akhoza kufufuzidwa pamaso pa woweruza, amafewa. Mukagwirizana, zilembedwe ngati consent order, lamulo logwirizana mbali zonse ziwiri, n'kusainidwa ndi khoti, ndipo mulembedwe momveka kuti garnishee yachotsedwa, chifukwa banki siitsegula ndi kalata ya kampaniyo yokha. Khoti lili ndi mphamvu yolola kulipira mwezi ndi mwezi, koma mutchule ndalama imene mungaikwanitsedi ngakhale mwezi wa Januwale pamene malonda amagwa, chifukwa mapangano otere kawirikawiri amanena kuti mukaphonya kamodzi, ngongole yonse yotsala iyenera kulipidwa nthawi yomweyo.

Mlongo wanuyo asakhale chete kumudzi. Ngati anagwira ntchito yolembedwa n'kusonkha ku NAPSA miyezi 60, kapena ngati wakwanitsa zaka 45, lamulo la 2023 limamulola kutapako 20 peresenti ya zosonkha zake kamodzi. Ngati sanatapepo kale, imeneyo ndi ndalama imene ingachepetse mtolo umene wakusenzetsani.

Mwana wa ku Petauke (Kalingalinga)

Ndamva kudzudzula kwa akuluakulu, ndipo mawu anga obisa katundu ndawabweza. Funso langa ndi lakuti, gulu likanakhala ndi akaunti ya anthu awiri kapena atatu, kodi ikanagwidwanso chifukwa cha ngongole ya mmodzi?

Amake Misozi (Libala)

Akaunti ya anthu awiri siigwidwa chifukwa cha ngongole ya mmodzi yekha, pokhapokha ngati chigamulo chikukhudza onse awiri, ndipo ya m'dzina la gulu ndiye ili kutali kwambiri ndi ngongole za msungichuma. Mabanki angapo ali ndi maakaunti a magulu osunga ndalama, ndipo kawirikawiri amafuna malamulo a gulu olembedwa, mfundo za msonkhano umene unasankha osainira, ndi ma NRC awo. Magulu ambiri a chilimba ndi village banking kuno ku Lusaka amasungitsa ndalama mu akaunti kapena pa foni ya munthu mmodzi chifukwa chomukhulupirira, osaganizira kuti munthu wokhulupirikayo akhoza kugwidwa ndi ngongole ya m'bale wake, kapena kumwalira mwadzidzidzi ndalamazo n'kulowa m'chuma cha masiye.

Amake Taonga (Kabwata)

Abale anga, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera lero ku khoti. Ndinawauza amayi a gulu usiku womwe uja Agogo a Kondwani anandilangiza. Awiri anakwiya kwambiri, ndipo mmodzi mpaka lero sakundiyankhula, koma wapampando ndi mlembi anagona mochedwa masiku awiri akufananiza buku ndi sitetimenti, ndipo lero amayi asanu ndi mmodzi anabwera kudzakhala kumbuyo kwanga. Loya ndinamupeza kudzera ku thandizo la zamalamulo lija Amake Tisa ananena, ndipo mapempho onse awiri anawapereka Lachiwiri.

Woweruza sanapereke lamulo lachiwiri lija. Loya wa kampaniyo ataona buku ndi zikalata zolumbira, sanatsutse za K20,500, ndipo khoti lalamula kuti imeneyo imasulidwe. K1,500 yotsalayo sitinathe kuitsimikiza, chifukwa mwezi wa Epulo ndinalandira zosonkha pamanja n'kugulira katundu, kenako n'kubweza mu akaunti pamodzi ndi ndalama za malonda patapita sabata ziwiri. Kulakwa kumeneko ndi kwanga, ndipo ndawalonjeza amayiwo kuti ndidzaibweza kuchokera m'thumba mwanga tisanagawane. K10,900 ikhalabe yomangidwa mpaka pempho lofafaniza chigamulo litamvedwa mwezi wamawa, ndipo kulanda kwina kulikonse kwaimitsidwa kufikira tsikulo. Zapezekanso kuti kampaniyo si ya laisensi ya Bank of Zambia, choncho loya wanga akuti nkhani ya 48 peresenti ija adzaiika patsogolo.

Agogo a Kondwani, ndili ndi funso limodzi. Lamulo lomasula ndalamalo ndingalitengere ndekha ku banki mawa, kapena ndidikire loya?

Agogo a Kondwani (Chelstone)

Zimene woweruza wanena pakamwa banki siizidziwa, mwana wanga. Loya wanu ayenera kulemba lamulolo, woweruza alisaine, a ku registry alidinde, ndipo pamenepo ndi pamene lingaperekedwe ku banki. Mufunseni ngati angakupatseni kope yodindidwa kuti muipereke nokha, chifukwa kutero kumafulumizitsa zinthu. Mukafika ku nthambi yanu, adzaitumiza ku ofesi yawo ya zamalamulo ku likulu, choncho pakhoza kupita masiku angapo. Muwapemphe adinde tsiku pa kope yanu, ndipo ndalamazo zikangomasulidwa, mupite ndi wapampando ndi mlembi kukazitulutsa tsiku lomwelo, zisagonenso m'dzina lanu. Mauthenga a pa foni a K7,500 aja muwasindikize pa pepala, ndipo mlongo wanu abwere kuchokera ku Katete tsiku la mlandu lisanafike, chifukwa ndi iye amene ayenera kulumbira kuti analipira.